Wokwera Phiri ndi Mwini Sitolo

Munthu akayamba malonda pa mudzi, anzace amamyesa ndi muyeso umodzi: wakwera kufikira pati? Dzana anali ndi kathebulo ka mcere ndi macesi patsinde pa mtengo. Lero ali ndi kasitolo ka njerwa. Mawa, zikamyendera, adzafolera ndi malata nadzagula cigayo. Pomuona anthu amati, "Uje wakwera." Tsiku limene katundu atha m'sitolo osabweranso amati, "Watsika." Mau amenewa ngobwereka kwa anthu oyenda m'mapiri, cotero nkoyenera kufunsa eni ace a mauwo, amene anakwera mapiri atali koposa onse a pa dziko lapansi, kuti kukwera kwabwino nkotani. Iwo safulumira kutama munthu pomva kuti anafika pansonga. Amayamba afunsa ngati anabwerako, ndiponso ngati anabwera nao onse amene anamangidwa naye cingwe cimodzi.

Pamenepa pali funso lobvuta. Munthu amene abwerera pa njira, cinthu cimene anacifuna ciri pafupi cooneka ndi maso, kodi ndi wamantha kapena wanzeru? Nanga wopitirira, ndi wolimba mtima kapena wouma mutu? Funso limeneli limamfika mwini sitolo usiku, pamene awerenga ndalama za m'kabokosi pa kuunika kwa nyali napeza kuti sizikwana.

Awiri pansonga, mazana pansi

Phiri la Everest liri m'malire a Nepal ndi Tibet. Kutalika kwace kupitirira mamita 8,800, ndiwo mapazi 29,000, pafupi fupi katatu kutalika kwa phiri la Mulanje. Kumwambako kulibe udzu kapena mtengo, koma miyala, cipale cofewa ndi madzi oundana. Mpweya ngwocepa kotero kuti munthu popuma alandira gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a umene akadalandira m'mbali mwa nyanja yamcere. Miyendo ilemera, maganizo nafooka. Anthu anayesa kufika pansonga pace kuyambira caka ca 1922. M'caka ca 1924 George Mallory ndi Andrew Irvine anaoneka komariza alikukwera kumwambako, ndipo sanabwerenso. Mtembo wa Mallory unapezeka m'caka ca 1999, zitapita zaka 75.

Pa 29 May, 1953, nthawi ya 11.30 m'mawa, anthu awiri anaima pansonga: Edmund Hillary, woweta njuci wa ku New Zealand, ndi Tenzing Norgay, wa mtundu wa Sherpa. Maina awiriwa ndiwo amene dziko lonse linawamva. Koma ulendowo unanyamuka ku Kathmandu m'mwezi wa March ndi amtengatenga oposa 300, osenza mitolo masabata oposa awiri m'zitunda ndi m'zigwa. Mtsogoleri wao, John Hunt, sanaponde pansonga. Pa phiripo anamanga zigono 9, cina pamwamba pa cinzace. Analikusenza katundu kunka ku cigono ca pamwamba, nabwerera kukagona ca pansi, m'mawa mwace nasenzanso, kufikira matupi ao anazolowera mpweya wocepa. Pa 28 May anthu atatu, George Lowe, Alfred Gregory ndi Ang Nyima, anathandiza kukweza katundu wa awiri aja kufikira cigono comariza, natula, natsika tsiku lomwelo kuti cakudya ndi mpweya wa m'mabotolo zitsalire anzao.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo sitolo siima pa munthu mmodzi, ngakhale dzina lolembedwa pakhomo liri la mmodzi. Pansi pace pali mkazi amene anakazinga zitumbuwa miyezi yambiri kuti mpamba woyamba upezeke. Pali mnyamata woyendetsa ngolo amene afika ndi matumba usiku, mvula irikumgwera. Pali mlimi amene apereka nshawa zace namvera mtengo umene auzidwa, ndi nkhalamba yogula mcere wa kakobiri sabata ndi sabata. Wamalonda amene acedwetsa malipiro a wanchito wace kuti agule malata a sitolo, afanana ndi wokwera phiri amene adya kamba wa amtengatenga ace nayembekeza kuti mawa adzamsenzerabe katundu.

Zigono 9 zija ziphunzitsanso kudekha. Tenzing anayamba kukwera Everest m'caka ca 1935 ali wamtengatenga wamba, ndipo ulendo wa 1953 unali wacisanu ndi ciwiri kwa iye. M'caka ca 1952 iye ndi Raymond Lambert wa ku Switzerland anafika pafupi ndi mamita 8,600, nabwerera. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Amalonda ambiri amagwa cifukwa ca kutsegula sitolo yaciwiri yoyamba isanaime, kapena kudya mpamba pouyesa phindu. Ndalama zonse za m'kabokosi madzulo siziri zace za mwini sitolo. Zambiri nza katundu wa mawa, zina nza amene anamkongoza, ndipo zace ndi zotsala pamene onsewo acotsedwa.

Cingwe

Okwera mapiri amadzimanga cingwe cimodzi m'ciuno, kuti wina akaterereka mnzace amgwire. Masabata angapo asanafike pansonga, Hillary analumpha mng'alu wa m'madzi oundana, ndipo pamene anapondapo panagumuka, iye nagwera m'kati. Tenzing, amene anali pambuyo pace, anakhoma nkhwangwa yace pansi, nakulunga cingwe, namuimitsa asanafike pansi pa phompho. Ameneyo ndiye amene anakwera naye pansonga pambuyo pace.

Koma cingwe cimene cipulumutsa cikhozanso kupha. Pa 14 July, 1865, anthu 7 anakhala oyamba kukwera phiri la Matterhorn, m'malire a Switzerland ndi Italy. Wodziwika mwa iwo anali Edward Whymper. Potsika, mnyamata wosazolowera mapiri, Douglas Hadow, anaterereka nagwetsa wotsogolera njira, ndipo awiriwo anakoka ena awiri. Cingwe cinaduka, anthu 4 nagwera kuphompho nafa. Pociyang'ana pambuyo pace, cinapezeka kuti cinali cofooka koposa mwa zingwe zitatu zimene anatenga.

Cingwe ca wamalonda ndico kukhulupirika. Wamangidwa naco pamodzi ndi amene amampatsa katundu, amene amamgula, amene amamgwirira nchito, ndi a m'nyumba mwace. Sikelo yopotoka pang'ono, palafini wothira madzi, nsaru yodula moperewera cala cimodzi, zonsezi ndi nkhosi za cingwe zoduka imodzi imodzi. Masiku abwino palibe aziona, pakuti cingwe siciyesedwa poyenda pacidikha. Cimayesedwa tsiku la kugwa: caka ca cirala, kapena pamene moto watentha sitolo. Tsiku limenelo wamalonda wokhulupirika apeza womkongoza katundu pa mau okha, napeza ogula amene abweza ngongole zao asanafunsidwe. Wonyenga apeza kuti cingwe cace cinatha kale.

Nkhani ya Matterhorn icenjezanso za kusankha womanga naye cingwe. Hadow sanali munthu woipa, anali wosadziwa. Kuika mphwake m'sitolo cifukwa ca cibale cokha, asanaphunzire kuwerengera ndi kukana ngongole, ndiko kummanga mwana pa cingwe pa malo oterera. Akagwa sagwa yekha, ndipo mlandu waukulu uli pa amene anammanga.

Ora lobwerera

Masiku atatu Hillary ndi Tenzing asanafike pansonga, anthu ena awiri a ulendo womwewo anayamba kuyesa: Tom Bourdillon ndi dotolo Charles Evans. Pa 26 May, nthawi ya 1 koloko masana, anafika pa kansonga ka kumwera, pamene munthu sanafikepo ndi kale lonse. Kumwamba kunatsala mamita ngati 100 okha. Koma makina a mpweya a Evans analikubvuta, dzuwa linali litapendeka, ndipo mpweya wotsala sukadakwanira kupita ndi kubwera. Bourdillon anafuna kupitirira yekha. Evans anamletsa, namkumbutsa mkazi wace amene anamsiya kwao. Anatembenuka, natsika ali lefu, kugwa ndi kudzuka, nafika ku cigono ali ndi moyo. Ulemu umene anauona ndi maso unapita kwa ena. Koma pa njira anasiya mabotolo awiri muli mpweya wotsala, ndipo Hillary ndi Tenzing anawapeza, nawathandiza potsika.

Zitapita zaka 43 kukwera Everest kunali kutasanduka malonda eni eni. Odziwa phiri analikutsogolera anthu olipira. Mmodzi wa atsogoleriwo anali Rob Hall wa ku New Zealand, wochuka ndi kusamala kwace, ndipo munthu ali yense analipira madola a ku America 65,000 kuti akwere naye. Hall anali ndi lamulo lakuti ikafika 1 koloko kapena 2 koloko masana, ali yense atembenuke, ngakhale nsonga iri pafupi cotani, pakuti wocedwa kumwamba usiku umpeza mpweya utamthera. M'caka ca 1995 anasunga lamulolo, nabweza anthu ace pafupi ndi nsonga. Mmodzi wa obwezedwawo, wogwira nchito ya makalata ku America, amene anasonkha ndalama zace mobvutika, anabweranso caka cotsatira.

Pa 10 May, 1996, anthu anacuruka pa phiri, nacedwetsana pa malo opapatiza. Atatu a gulu la Hall anayang'ana nthawi, natembenuka dzuwa lisanafike pamutu. Onse atatu anabwerera kwao. Ora loikika linapitirira. Hall anali pamwamba kudikira munthu wa makalata uja, amene anafika nthawi ya 4 koloko, mphamvu zitamthera. Potsika, namondwe anawagwera. Anzace a Hall anamdandaulira pa wailesi kuti atsike adzipulumutse, koma iye anakana kumsiya munthu wace. Onse awiri anafera komweko, ndipo pa masiku awiri amenewo phiri linatenga anthu 8.

Palibe anganene kuti Hall anali woipa mtima. Kukana kwace kusiya mnzace m'namondwe nkwa munthu wokhulupirika kufikira imfa. Ndipo kubweza munthu kaciwiri, atalipira kawiri, nsonga iri pamphuno, nkowawa kwa mtsogoleri ali yense. Koma cifundo cimene cikadapulumutsa onse awiri cinali cija couma, ca 2 koloko, conena kuti, "Basi, titsike."

Cifukwa cace okwera mapiri amaika ora lobwerera ali pansi, atakhuta, mutu uli bwino, ndi cakuti adziwa kuti kumwamba sadzakhoza kuganiza molongosoka. Mpweya wocepa uledzeretsa, ndipo nsonga ikaoneka imakoka. Wamalonda ali nao mpweya wace wocepa, ndiwo ngongole ndi manyazi. Cigayo cikayamba kufa mwezi ndi mwezi, mwini wace amati, "Ndatayapo kale zambiri, sindingaleke tsopano." Agulitsa ng'ombe imodzi kuti agule citsulo, kenaka yaciwiri, kenaka atenga ngongole ya ciongola dzanja cacikulu, poopa kuti anthu adzati watsika. Aiwala kuti madzi akatayika saoleka. Ndalama zimene zinapita sizibwera cifukwa ca kuzitsata ndi zina. Cofunika kufunsa ndi cimodzi: zotsalazi zikwanira kupita ndi kubwera kodi?

Cotero wamalonda wanzeru aika ora lace asanayambe, masana, pamaso pa mkazi wace. Anena poyera zimene malonda sadzazikhudza zingabvute cotani: nkhokwe ya cakudya ca banja, ng'ombe zolimira, ndalama za sukulu za ana, ndi ndalama za anthu ena zimene anamsungitsa. Aikanso malire a ngongole imene munthu mmodzi angatenge m'sitolo, ngakhale ali malume wace. Kukana mbale pakhomo pa sitolo nkowawa monga kubweza munthu pafupi ndi nsonga. Koma masitolo ambiri a m'midzi anatsekedwa ndi kabuku ka ngongole kodzala maina a abale, ndipo sitolo itatsekedwa abale omwewo anasowa kokagula mcere.

Mau a wotsutsa

Wina adzati, "Onse akadakhala obwerera, Everest sakadakweredwa. Malonda ali onse ali ndi ngozi yace, ndipo woopa kutaya sadzapindula kanthu." Mau amenewa ngoona. Walira mvula walira matope. Hillary ndi Tenzing anapyola malo a cipale cosakhazikika cimene cikadagumuka nao, napeza thanthwe loima ciriri la mamita 12 pafupi ndi nsonga, ndipo sanabwerere. Munthu wokwirira ndalama zace pansi cifukwa ca mantha sayenera kutamandidwa.

Koma wotsutsayo ayang'anitse malo amodzi, kansonga ka kumwera kaja. Evans anaimapo 1 koloko masana, makina ace alikubvuta, mpweya uli pafupi kutha, ndipo anabwerera. Hillary anaima pamalo pomwepo 9 koloko m'mawa, makina ali bwino, ndipo poyenda analikuwerengera m'mutu maora a mpweya umene unatsala. Anaona kuti ukwanira, napitirira. Malo ngamodzi, zocita ziwiri zosiyana, ndipo onse awiri anakhoza. Evans sanacepe mtima poyerekeza ndi Hillary. Cimene cinasiyana ndi ciwerengero, ndipo ali yense anamvera ciwerengero cace, osamvera cilakolako.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa kulimba mtima ndi kuuma mutu. Wolimba mtima wawerengera cimene angataye, ndipo ncace, kapena eni ace abvomera acidziwa. Wouma mutu waleka kuwerengera cifukwa aopa yankho, ndipo cimene aika pa ngozi ndi ca anthu amene sanafunsidwe: ana amene adzacoka pa sukulu, wanchito wosalipidwa, mkazi wamasiye amene anamsungitsa ndalama za thonje. Bourdillon akadapitirira yekha, akadasiya Evans wofooka kuti atsike wopanda womgwirira cingwe. Munthu womangidwa ndi anzace alibe ufulu wakunena kuti, "Moyo ngwanga."

Mapazi owerengeka

Charles Evans yemweyo anatsogolera ulendo wina m'caka ca 1955, wokwera Kangchenjunga, phiri lacitatu pa kutalika m'dziko lonse. Anthu a ku Sikkim amaliyesa lopatulika, ndipo Evans analonjeza mfumu ya dzikolo kuti anthu ace sadzaponda pansonga peni peni. Pa 25 May, Joe Brown ndi George Band anafika pamwamba atabvutika masabata ambiri. Patsogolo pao panatsala kamulu ka cipale ka mapazi owerengeka. Panalibe mboni ya mfumu, panalibe wowaletsa. Anaima pomwepo, nayang'ana, natsika. M'mawa mwace Norman Hardie ndi Tony Streather anafika, nacita comweco.

Wamalonda amafika pa mapazi owerengeka otere tsiku liri lonse. Gogo wosadziwa kuwerenga manambala aika thumba la nshawa pa sikelo, nayang'ana nkhope ya wogula kuti amuuze kulemera kwace. Mwana wotumidwa apereka ndalama yaikulu osadziwa cenje cace. Phindu laling'ono liri pomwepo, losabvuta kuliponda, ndipo palibe adzadziwa. Amene aleka phindu lotere saoneka kuti wacita kanthu, monganso pansonga pa Kangchenjunga sipanatsale cizindikiro ca phazi. Koma pa malo otere ndi pamene pazindikirika ngati munthuyo ali nao malire amene sawalumpha, kapena akhala woongoka pokhapo pali maso a anthu.

Kutsika

Hillary ndi Tenzing anakhala pansonga mphindi 15 zokha. Palibe munthu amanga nyumba pamenepo. Ndipo kutsika kuli ndi ngozi zoposa, pakuti thupi latopa ndipo mtima wayamba kale kukondwera. Anthu a pa Matterhorn aja anafa ulendo wobwerera, atapambana kale. Caka cimene wamalonda apindula koposa ndico caka coopsa kwa iye. Pamenepo amaleka kulemba m'kabuku, amasiyira ana sitolo nanka kumowa, amagula galimoto kuti aoneke. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Cimene Hillary anacita atatsika ndico cionetsa kumene kukwera kwace kunaloza. Anabwerera kwa anthu a mtundu wa Sherpa, amene anasenza katundu wa ulendo uja, nawafunsa cosowa cao. M'caka ca 1961 anamanga sukulu pa mudzi wa Khumjung, m'caka ca 1966 cipatala pa Kunde, ndipo anapitiriza nchito yotere ya masukulu, zipatala ndi milatho kufikira imfa yace m'caka ca 2008. Ana a amtengatenga anaphunzira m'masukulu amenewo, ena nakhala aphunzitsi ndi madotolo.

Mwini sitolo ali yense adzatsika tsiku lina, kapena ndi ukalamba, kapena ndi caka coipa, kapena pofika wina wa sitolo yaikulu koposa. Adzatsikira pa mudzi womwewo, pakati pa anthu omwewo amene anamsenzera katundu ndi kumgula mcere, ndipo adzamlandira monga anawacitira pokwera. Cifukwa cace, caka catsopano cisanapite patali, nkwabwino kuti wamalonda akhale pansi ndi a m'nyumba mwace, atsegule kabuku katsopano, ndipo pa tsamba loyamba, asanalembe mtengo wa sopo kapena dzina la wangongole, alembe maina a onse amene amangidwa naye cingwe cimodzi, ndi pansi pace ora lace lobwerera.